Chigoba cha Maluwa Achikasu

Abusa andiuza kuti ndiime kutsogolo kuno. Ndaima. Maikolofoni sindiifuna, mawu anga ndi aakulu kale.

Ndine Fanuwelo, wa ku Dedza. Ambiri mumandiona ndikuyala mipando m'holo muno Lamulungu masana. Ena mumandipatsa moni, ena mumandiyesa mlonda. Palibe kanthu. Sukulu ndinalekera Sitandade 6, ndipo kulankhula si ntchito yanga.

Ndinathyola mwendo wa mwana wa mlongo wanga. Ndinali nditamwa. Kenako ndinanamizira munthu wina. Nkhani yonse ndi imeneyo. Zotsalazi ndikungofotokoza mmene zinayendera, chifukwa ndikudziwa kuti muno muli amuna ena amene amagwira ntchito atamwa. Inu mumamwa wa m'botolo lalitali ku Westlands, ine ndinkamwa wa m'kapu ya pulasitiki ku Kangemi. M'mawa timanunkha mofanana.

Ku Nairobi ndinabwera ndi bwana wina wa kwathu amene ankagwira ntchito ku bungwe lalikulu. Ndinkamusesera pabwalo ndi kumutsegulira geti. Ndisanabwere ndinkasenza mabelo a fodya ku Kanengo, ndiye thupi ndinali nalo. Kontilakiti ya bwanayo itatha, iye anabwerera kumudzi, ine ndinatsala. Ndinayamba kusenza katundu m'misika.

Tsiku lina ku Umoja ndinaona anyamata pabwalo la mpira akukwerana pamapewa, akupidiguka m'mwamba. Kuno amati sarakasi. Mkulu wawo, Wafula, anandiyang'ana khosi ndi miyendo ngati akugula ng'ombe.

"Wewe, ima apa."

Ndinaima. Anandikweza anthu awiri. Sindinagwedezeke. Anawonjezera wachitatu.

"Dzina?"

"Fanuwelo."

"Lalitali. Ndiwe Malawi."

Mpaka lero amanditcha choncho.

Pa sarakasi pali owuluka ndi a pansi. Owuluka ndi amene mumawaombera m'manja. Ife a pansi ntchito yathu ndi kuponya ndi kuwakha. Awiri amagwirana manja, munthu amaima pamanjapo, amamuponya m'mwamba. Wachitatu amadikira patsogolo kuti woponyedwayo atere choimirira pamapewa pake. Ine nthawi zambiri ndinali woponya. Wowakha anali Odhiambo, mnzanga wamtali, bambo wa ana awiri, amene tinkakwera naye matatu imodzi, minibasi ya kuno, kuchokera ku Kangemi.

Esinati ndi mwana wa mlongo wanga. Ndine ndinamuitanitsa atamaliza Fomu 4, kuti adzagwire ntchito ya m'nyumba kwa banja lina la kwathu ku Kahawa. Ponyamuka, mayi ake anandiuza pa foni, "Achimwene, bambo ake kulibe. Mwini wake ndinu." Ndinati ndamva. Loweruka lina mwanayo anabwera ku Umoja kudzationerera. Ndi wochepa thupi, wosaopa. Anavula nsapato n'kukwera pamapewa panga ngati akukwera mtengo wa mango. Wafula sanamulole kubwerera ku mapoto. Anaphunzira msanga kuposa anyamata onse.

Mowa ndinkamwa kuyambira kale, koma ntchito ikatha. Kumwa tisanasewere sindikanayerekeza, chifukwa Wafula anali ndi malamulo awiri. Loyamba: tisanalowe tinkaima pamzere, iye n'kumadutsa, kuyang'ana aliyense m'maso, mphuno yake pafupi ndi pakamwa pako. Lachiwiri linali la wowuluka. Asanaponyedwe, amayamba wakwera pamapewa pa womuwakha, ngati gule chabe. Akamva kuti china sichili bwino, amamumenya kawiri pamutu ndi chikhatho. Kuponya kumalekeka, onse amangovina n'kutuluka, oonerera sadziwa kanthu. Wowulukayo safunsidwa chifukwa. Wafula ankati khosi ndi lake. Amene amaonedwa pambuyo pake ndi wowakha.

Chaka china Wafula anapita kunja kukagwira ntchito pa sarakasi ina yaikulu, ndipo anakhalitsa ku Mekisiko. Anabwerako ndi masutikesi odzaza, mutu wodzazanso. Anati zovina m'makabudula a kambuku pamaso pa alendo m'mahotela zatha. Tipanga sewero lathu, la ku Mekisiko, tiziyenda nalo ndi tenti: Nakuru, Kisumu, Mombasa. Anatiuza kuti kumeneko kuli tsiku limene anthu amasangalalira akufa awo. Amayala maluwa achikasu, amaphika, amaliza malipenga ndi magitala, amadzijambula nkhope ngati chibade. Imfa amaiseka. Ndiye sewero lathu linali la mafupa amene adzuka kudzavina. Zovala zakuda zojambulidwa nthiti. Zipewa zazikulu ngati malichero. Esinati yekha sanali fupa. Anali gulugufe wa mapiko aakulu, amene mafupawo ankalimbirana.

Ife a pansi anatipatsa zigoba zansalu, zophimba mutu wonse, zomanga ndi chingwe kumbuyo, ngati zimene amavala olimbana a kumeneko. Pamaso kaukonde, pakamwa mano ojambula. Oponya awiri, maluwa abuluu pamphumi. Wowakha, maluwa achikasu.

Nditachivala koyamba ndinamva chinthu chimene ndinachisiya kalekale ku Dedza. Kwathu munthu akalowa m'chigoba salinso munthu. Safunsidwa dzina. Ngakhale mayi ake amudziwe mayendedwe, satchula. Zambiri sindinena, pano ndi pa tchalitchi, ndiponso zinazo sizinenedwa. Ndingoti kwathuko zili ndi mwambo wake, akulu ake ndi chilango chake. Ine ndinangotolapo chimodzi chimene chinandikomera: chimene chachita chigoba, sindine.

Ndinayamba kuvala msanga, anzanga asanavale. Wafula anali atatanganidwa ndi magetsi, nyimbo ndi matikiti. Pamzere ankangodutsa mothamanga, akuona zibade zoseka. Maso anga ofiira anali kuseri kwa ukonde.

Ku Nakuru ndinkamwa kakapu, ati thupi limasuke. Ku Kisumu kabotolo. Pobwerera ku Nairobi kabotoloko kanali katapeza malo m'sokosi. Ndinkamwa chang'aa, kachasu wa kuno, wopanda dzina. Ndinkaponyabe bwino, ndipo anthu ankaombabe m'manja. Ndinkati, mwaona, palibe chavuta. Ndikavula chigoba ndinkakhala amalume a Esinati, omugulira chapati, omulangiza za anyamata. Ndikavala ndinkakhala chinthu china chimene sichiyankha mlandu.

Titabwerera ku Nairobi, Loweruka lina tinakhoma tenti pabwalo lina ku Kahawa. Sewero la masana, la mabanja. Anthu a kwathu anabwera ambiri, pamodzi ndi banja lija Esinati ankaligwirira ntchito. Ena muli muno. Mukukumbuka.

Ndinali kuseri kwa lole yathu ya katundu, nditavala kale, kabotolo katatha. Odhiambo anandipeza akutsimphina.

"Malawi, bondo latupa. Wafula akadziwa andisiya ulendo wa ku Mombasa. Tisinthane zigoba lero lokha. Iwe uwakhe, ine ndiponye."

Kuwakha ndinkakudziwa, tinkasinthana pophunzira. Panali mawu amodzi oti ndimuuze: ndamwa. Sindinanene. Ndinamufulatira, ndinavula chabuluu, ndinamuponyera chakumbuyo. Ndinavala chachikasu. Nkhope yanga sanaione.

Tinalowa. Malipenga, ng'oma, ana kukuwa. Mafupa anavina, anagwa, anadzuka, anthu akuseka. Gulugufe anatulukira. Anandizungulira n'kukwera pamapewa panga monga mwa sewero. Anaimirira. Dzanja lake linafika pamutu panga. Linakhala pamenepo. Ndinadikira. Silinamenye.

Anatsika, anathamangira kwa oponya. Ng'oma inalira mwamphamvu. Anamuponya.

Ndinayang'ana m'mwamba, ndinaona agulugufe awiri. Ndinapita kwa wa kumanja.

Phazi lake linangondikhudza khutu. Anagwera kunja kwa matilesi. Kunamveka ngati munthu wathyola nzimbe pabondo.

Anthu anaseka. Anaomba m'manja. Mafupa anali akugwa chiyambire sewero, ndiye ankayesa ndi zomwezo. Malipenga anapitirira. Esinati sanalire. Anangogona, phiko limodzi litapindika pansi pake, mwendo utaloza kumene mwendo suloza. Wafula ndi amene anayamba kuthamanga.

Ine ndinathamangira kwina. Kuseri kwa lole ndinavula chigoba, ndinachiponya pachikwama cha Odhiambo, ndinatafuna jinja kuti fungo lisamveke. Kenako ndinabwera nkhope yanga ili poyera, ndikukuwa, "Mwana wanga! Mwana wanga!" Ndinamunyamula ndine kupita naye ku galimoto. Amayi ena a kwathu ankati, taonani amalume ake mmene akumvera chisoni.

Lolemba Wafula anatisonkhanitsa pabwalo la ku Umoja.

"Wachikasu anali ndani?"

Aliyense ankadziwa kuti chachikasu ndi cha Odhiambo.

"Tinasinthana," anatero Odhiambo. "Malawi, muuze."

Onse anandiyang'ana.

"Sitinasinthane."

Odhiambo anaseka kaye, ankayesa nthabwala. "Malawi, wewe. Muuze."

"Ine ndinali woponya."

Woponya winayo anayang'ana pansi. Manja amene anagwirana nawo ankawadziwa, koma sanafune kulowa nkhani ya munthu ndi m'bale wake. Wafula anagwada, anapinda buluku la Odhiambo. Bondo linali ngati papaya. Anati, "Unalowa ndi bondo ili kukawakha mwana wa eni? Kenako ukuti malume ake agwetse mwana wake n'kunama?" Anamuchotsa pomwepo. Odhiambo sanandinyoze. Anatenga chikwama, anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kupita.

Ku chipatala ndinazengereza kupita. Ndinamva kuti Wafula anamufunsa Esinati, iye n'kuyankha kuti sakukumbuka kanthu. Mtima unakhala pansi. Ndinagula nthochi ndi mapeyala, ndinapita nthawi ya masana yoonera odwala.

Anali pabedi la pafupi ndi windo. Mwendo anali ataukoloweka m'mwamba, zitsulo zitalowa m'mnofu mbali zonse. Tsitsi losapesa. Nkhope yachepa.

"Mwabwera, amalume."

"Ndabwera. Mwendo?"

"Ulipo."

Ndinakhala pampando. Ndinasenda nthochi, ndinamupatsa. Sanalandire. Ndinaigwirabe.

"Odhiambo amuchotsa," ndinatero.

"Ndamva."

"Bondo lake linali lotupa."

Nesi anadutsa ndi tebulo la mankhwala. Pabedi lina mayi wina ankadyetsa mwamuna wake phala. Esinati anatembenuza mutu n'kundiyang'ana. Analankhula motsitsa, mwaulemu, ngati akundiuza kuti madzi osamba afunda.

"Amalume, phewa lanu lakumanzere ndi lotsika. Mabelo a ku Kanengo aja. A Odhiambo mapewa awo ndi ofanana. Ine ndimaponda opanda nsapato."

Nthochi inali idakali m'manja mwanga.

"Fungonso limatuluka m'nsalu. Ndinalimva ndisanaimirire n'komwe."

Abale, mukuganiza kuti ndinati pepa. Ayi. Ndinakwiya. Ndinakweza mawu mpaka mayi wa phala uja anatembenuka.

"Nanga bwanji sunamenye? Lamulo ukulidziwa! Bwanji sunamenye?"

"Ndimenye mutu wa amalume?"

"Chinali chigoba!"

"Munali inu."

Anapuma. Mwendo unkamupweteka akalankhula.

"Dzanja ndinaliika. Linakana. Kunali anthu a kwathu. A Wafula akanakuvulani kuseri n'kukununkhizani, akanakuchotsani tsiku lomwelo. Amayi ndikanawauza chiyani? Kuti ndachotsetsa ntchito achimwene awo amene anandibweretsa kuno? Ndinati mwina muwakha. Simunandigwetsepo."

Ndinayang'ana zitsulo zija. Ndinalibe kwina koyang'ana.

"Musaope," anatero. "Kwa a Wafula sindinena. Kwa amayi sindinena. Ndinu amalume. Koma zipatsozo tengani. Mukapatse ana a Odhiambo."

Anatembenukira ku windo.

Mwana ameneyo anadziwa kuti ndaledzera, n'kulola kuponyedwa m'mwamba, kuopa kundichititsa manyazi. Ulemu umenewo tinamuphunzitsa ndife. Kugwada popereka madzi, kusayankha akulu, kusakhudza mutu wa munthu wamkulu. Ine ndemwe ndinkamudzudzula akaiwala. Anausunga mpaka mwendo unathyoka.

Ndinatuluka ndi jumbo yanga ya zipatso. Sindinapite kwa ana a Odhiambo. Ndinaisiya m'matatu, ndinakatsikira pa mayi wina wogulitsa chang'aa.

Apa ndifulumire, palibe chokoma. Gulu linapita ku Mombasa popanda gulugufe, popanda Odhiambo. Ine Wafula anandisungira malo pondimvera chisoni, koma tsiku lonyamuka sindinadzuke. Ndinkamwa m'mawa, ndinkamwa masana. Ku chipatala sindinabwererenso. Esinati atatuluka anamutenga ndi banja lija la ku Kahawa, osati ine. Ndinkadzikodzera. Ndinkagona pamene miyendo yathera. Ana ankandiponya zitsononkho. Nsapato anandivula ndili m'tulo.

Mlongo wanga anaimba foni kuchokera ku Dedza. Ankalira.

"Achimwene, zikomo posamala mwana. Ndamva kuti ndinu munamunyamula. Koma Mkenya wagwetsa mwana wangayo, Mulungu amuone. Asapeze mtendere."

Ndinati, "Ameni."

Tsiku lina dzuwa lili pamutu ndinali m'ngalande, m'mbali mwa msewu waukulu wa ku Kangemi. Ndinamva munthu akundikoka kolala. Anandidzutsa ngati thumba, anandiponya pa mkokoteni, ngolo yokankha ija, pakati pa zigubu za madzi. Ndinatsegula diso. Odhiambo. Ndiyo inali ntchito yake tsopano, kugulitsa madzi. Bondo anali atalimanga ndi chinsanza.

Anayamba kukoka, kukwera chitunda. Ankatsimphina. Thukuta linkayenderera m'khosi. Anthu a m'mashopu ankaseka. Wina anakuwa kuti, "Chigubu icho ukugulitsa bwanji?"

"Nditsitse," ndinatero.

"Khala chete."

"Odhiambo, ndisiye ndife."

Anaimitsa ngolo. Anabwera pafupi, akupuma movutika.

"Usaganize kuti ndakutola chifukwa ndimakukonda. Sindikukonda. Mkazi wanga amandiyang'ana ngati munthu wolumaza mwana wa eni. Palibe gulu la sarakasi limene lingandilembe. Amene akudziwa zoona ndiwe ndi mtsikana uja, ndipo iye sanena chifukwa cha iwe. Ukafera m'ngalande, ine ndikhala wogwetsa anthu mpaka kumanda. Ndiye sufa. Wamva, Malawi? Sufa."

Anakokanso. Anakanditula pakhomo panga, anandithira chigubu chimodzi chonse, n'kupita.

Ndinakhala pansi m'matope amenewo. Kupemphera ndinali nditaiwala. Mawu amene anabwera ndi ochepa. Ndinati, "Mulungu, ndine. Ndine ndinagwetsa." Kanali koyamba kunena, ngakhale kwa ine mwini.

Tsopano zimene ndinachita. Ndizinena mmene zinalili, mwina wina zimuthandiza.

Sindinasiye ndekha. Ndinayesa, thupi linayamba kunjenjemera, ndinkaona zinthu zoyenda pakhoma. Ndinapita ku kiliniki ndi mapazi opanda nsapato, ndinauza dokotala zoona za mmene ndinkamwera. Anandipatsa mankhwala, anati kusiya mwadzidzidzi wekha kungaphe munthu. Amuna inu, musachite manyazi ndi zimenezo. Pitani.

Miyendo italimba, gulu linali litabwerako ku Mombasa. Ndinamutenga Odhiambo, tinakwera matatu ya ku Umoja. Tinawapeza akuphunzira. Ndinaima pakati pa matilesi.

"Tinasinthana. Wachikasu ndinali ine. Ndinali nditamwa. Ndinkamwa kuyambira ku Nakuru."

Wafula anayenda mpaka pamene ndinaima. Ndinkayesa andimenya, ndipo ndinkafuna atero. Sanandimenye. Anapita kwa Odhiambo, anamugwira dzanja ndi manja awiri, anati, "Pole, ndugu yangu, pepa m'bale wanga. Ndinakulakwira." Odhiambo anati, "Bondo ndinabisadi. Limenelo ndi langa." Ine palibe anandilankhula. Ndinaima pamenepo mpaka anamaliza kuphunzira, n'kuyamba kupinda matilesi pansi pa mapazi anga.

Kenako foni ya ku Dedza. Imeneyo inali yovuta kuposa ulendo wa ku Umoja. Ndinamuuza mlongo wanga zonse, osadumpha. Nditamaliza anandifunsa:

"Achimwene, tsiku lija ndinkatemberera munthu wosalakwa, inu munkati ameni?"

"Eya."

Anadula. Mpaka lero akafuna kundiuza kanthu amatuma Esinati. Maliro a msuweni wathu ndinamvera kwa anthu ena. Sindikudandaula, ndikungonena mtengo wake.

Ndinasintha siteji yotsikira. Yakale ili pafupi ndi mayi wa chang'aa, ndiye ndimatsikira patsogolo n'kuzungulira, ngakhale mvula ikugwa. Anzanga akumowa sindinawatsanzike. Ndinayamba kubwera kuno Lamulungu, ndi ku gulu la amuna la pakati pa sabata. Kumeneko sindilankhula zambiri. Ndimanena ngati ndamwa kapena sindinamwe. Kamodzi ndinagwa, pa ukwati wa mnzanga. Ndinakanena. Ndinayambiranso.

Patapita nthawi Wafula ananditumizira uthenga kuti pali ntchito, koma osati pa matilesi. Ndimasenza mitengo ya tenti, ndimakhoma zikhomo, ndimachapa zigoba. Chigoba chimene munthu wavina nacho masana onse chimanunkha ngati mbuzi. Ndimazichapa ndi manja, ndimaziyanika, ndimasoka zong'ambika. Kuvala sindivala. Masiku ano pamzere aliyense amaima chigoba chili m'manja, amavala Wafula akadutsa. Inenso ndimaima pamzerepo ngakhale sindisewera. Wondinunkhiza ine ndi Odhiambo, ndinapempha ndekha. Amabweretsa mphuno pafupi, ndimamuuzira mpweya.

"Mowa palibe," amatero. "Koma Malawi, gula mswachi."

Kwa Esinati ndinapita pomaliza. Ndinamupeza ku Kahawa akuphunzira kuyenda ndi ndodo pakhonde. Ndinagwada. Munthu wamkulu, malume, kugwadira mwana wa mlongo wake.

"Amalume, dzukani, anthu akuona."

"Aone."

Ndinapepesa. Ndinamuuzanso kuti pamene pali khosi lake palibe malume, palibe bwana, palibe m'busa. Akamva fungo, amenye.

"Mukanandiuza kale," anatero.

Sanati ndakukhululukirani. Sindinamufunse. Anandipempha kuti ndimugwirire ndodo imodzi, ayese kufika pa geti ndi inayo.

Abambo inu a magalimoto, ndimvereni apa. Mukamachoka ku phwando n'kutsegula chitseko kuti ana alowe, musaganize kuti sakudziwa. Fungo amalimva. Amaona mmene kiyi akukuvutirani kulowetsa. Amalowabe, amamanga lamba, amakhala chete, chifukwa ndinu adadi ndipo munawalera bwino. Akazi anunso chimodzimodzi. Chete ameneyo musamuyese chilolezo. Inu nokha ndi amene mungawauze kuti kukana n'kololedwa, ndipo muwauze musanamwe.

Mwendo wa Esinati unapola, koma ndi waufupi pang'ono. Amatsimphina akatopa. Madokotala anati kuwuluka aiwale. Iye sanaiwale. Anayamba pansi, kudumpha pa matilesi, kukwera pa munthu wogwada, kenako woimirira. Pamapewa panga sanakwerenso. Mwina sadzakweranso. Ndi mapazi ake.

Mwezi watha anauza Wafula kuti akufuna kuponyedwa. Kunali ku Umoja, m'mawa, popanda oonerera, popanda zigoba. Wowakha Odhiambo, bondo lake litachira. Munthu akamayambiranso chotero pamafunika wina woima pambali, manja ali m'mwamba, woti amugwire akaphonya. Wafula anayamba kuyang'ana mwa anyamata. Ine ndinali patali, pa beseni langa, thovu mpaka m'zigongono.

"Amalume," anaitana Esinati.

Wafula anati, "Esinati, ganiza bwino."

"Ndaganiza. A Odhiambo, anunkhizeni."

Odhiambo anabwera, ndinamuuzira mpweya. Sanachite nthabwala tsiku limenelo. Anangogwedeza mutu.

"Imani apo," anatero Esinati, akuloza m'mphepete mwa matilesi. "Musandikhudze. Pokhapokha ndikagwa."

Ndinapukuta manja m'buluku. Ndinaima. Esinati anakwera pamanja pa oponya, anayang'ana Odhiambo, ine sanandiyang'ane. Wafula anawerenga. Anamuponya.

Anali mmodzi m'mwamba. Ndinamuona bwinobwino, mpaka chipsera cha pamwendo.

Anatera pamapewa pa Odhiambo. Mwendo waufupi uja unagwedera, anapendama, n'kudziwongola yekha. Anyamata anakuwa. Manja anga anatsala m'mwamba, opanda kanthu.

Anatsika, anandidutsa akutsimphina.

"Tsitsani manja, amalume, mutopa. Tibwerezanso."

Ndinatsitsa. Atakwera pa oponya, ndinakwezanso.

Mulungu sanandibwezere zonse. Wandipatsa poima, m'mphepete mwa matilesi, ndipo mawa m'mawa ndikaimanso pomwepo. Mundipempherere kuti ndikafike wosamwa.

Abusa, ndamaliza.